Mlatho wa Dona Ana Pansi pa Denga Langa

Ndikulemba ndili kuno ku Leeds, kumpoto kwa England, kumene ine ndi banja langa takhala zaka zambiri tsopano. Nkhani imene ndikufuna kukusimbirani ena mwa inu muiyesa yachibwana, ndipo sindikuletsani kuseka. M'dziko muno muli amuna achikulire, ena a imvi mbuu kumutu, amene madzulo akaweruka kuntchito amakwera m'mwamba mwa nyumba zawo kukayendetsa tisitima ta magetsi pa tinjanji timene anayala okha. Ine ndalowa nawo m'gulu limeneli, ngakhale kuti kufikira lero sindinayale njanji ndi imodzi yomwe. Chaka chathunthu chatha ndili kuyeza, kujambula papepala, kufafaniza ndi kuyezanso, pakuti ndaona kuti pa ntchito imeneyi mwini mawu si munthu womangayo ayi, koma chipinda chimene akumangamo.

Ndiyambe ndalongosola chinthucho kwa iwo amene sanachionepo. Mutu wa sitimayo ndi wautali ngati dzanja la munthu wamkulu, ndipo m'kati mwake muli kainjini kamene kamalandira magetsi ochepa mphamvu kudzera m'njanji momwemo. Munthu akapotoza kachitsulo ali chikhalire, sitima imanyamuka pang'onopang'ono, imakoka mabogi ake, imaima pa siteshoni monga ichitira yeniyeni. Chinsinsi chake chili pa muyezo. Chinthu chilichonse, kuyambira sitima, nyumba, mtengo, kufikira munthu woima pambali pa njanji, chimachepetsedwa mofanana. Pa muyezo wotchedwa HO, mamita 87 enieni amasanduka mita imodzi, kotero kuti munthu wamsinkhu amatalika masentimita 2 okha. Kampani ya Märklin ya ku Germany inayamba kugulitsa tinjanji tolumikizana ta miyezo yokhazikika mu 1891, ndipo kuno ku Britain tisitima ta Hornby Dublo tinatuluka mu 1938. Ku Hamburg kuli nyumba yotchedwa Miniatur Wunderland, imene inatsegulidwa mu 2001, ndipo tinjanji tam'menemo mutatilumikiza tingapitirire makilomita 15. Koma ife amene tinakula tikupinda mawaya kupanga magalimoto ndi kuumba ng'ombe zadongo kudambo tisayese kuti zimenezi n'zachilendo kwenikweni. Mtima wake ndi womwewo, changosiyana ndi mtengo wogulira.

Nyumba za anthu wamba kuno n'zopanikizana, zomangidwa mondondozana khoma limodzi banja uku banja uku, ndipo chipinda chopanda mwini m'nyumba ya ana atatu simungachipeze. Chotsala ndi malo a pakati pa siling'i ndi denga, amene eni dziko amawatcha loft. Kwathu malo otere ndi a mileme ndi makoswe, koma kuno madenga ndi otsetsereka kwambiri, ndipo pansi pake pamatsala mpata woti munthu n'kuimirira. Mumalowamo pokwera makwerero ndi kudutsa pa kakhomo koboola siling'i. Anthu amasungako masutikesi, zovala za ana amene anakula, ndi makatoni a katundu wodikira ulendo wa kumudzi.

Malo anga ndinawayeza motere. Kuchokera kutsogolo kwa nyumba kufikira kumbuyo ndi mamita 7, kuchokera ku khoma la mnansi wina kufikira ku khoma la winayo ndi mamita 4.8, ndipo pakati penipeni, pamene mbali ziwiri za denga zikumana, ndi mamita 2.4 kupita m'mwamba. Pomva manambala amenewa munthu angati ndi chipinda chachikulu kuposa pabalaza. Koma denga lotsetsereka ndi mbala yosamveka mapazi. Pansi penipeni pali mamita 7, inde, koma palibe amene ayala njanji pansi n'kumaiyang'ana atagona chafufumimba. Njanji imakhala pa matebulo, ndipo tebulo likakwera masentimita 10, chipindacho chimachepa m'lifupi masentimita pafupifupi 30. Ndikaika matebulo pa masentimita 120, pamene munthu woimirira aona bwino, nditsala ndi mamita 3.5 okha, osawerengera mpata woti sitima idutse osagunda phaso. Ndikawatsitsa kwambiri, msana ndi maondo zidzandiimba mlandu tsiku limene ndidzalowe pansi pake kukalumikiza mawaya. Ndinakhazikika pa masentimita 90, ndipo nditasiya mpata wa pamwamba, chipinda changa chenicheni chinatsala mamita 4.8 m'litali ndi 3.8 m'lifupi. Sitima zanga ndidzaziyendetsa nditakhala pa kampando.

Pali china chimene ambiri amachidumpha chifukwa cha changu. Mitanda imene yagwira siling'i sinaikidwe kuti isenze anthu, matabwa ndi matebulo; inaikidwa kuti isenze siling'iyo basi. Amene aponda pakati pa mitanda iwiri amatulukira m'chipinda chogona, mwendo uli lendelende pamwamba pa bedi. Ndiponso nyumba zambiri zomangidwa kuyambira cha m'ma 1960 zili ndi madenga ogwirizizidwa ndi timitengo topingasana ngati chilembo cha W, ndipo kudula ngakhale kamodzi kuti sitima idutse ndiko kuitana denga kuti likugwereni. Yanga ndi nyumba yakale, pakati pake mpoyera. Komabe ndinaitana mmisiri wodziwa malamulo a zomangamanga, iye anaona mitanda, nanena pofunika kulimbitsa, ndipo tinayala matabwa opondapo pamwamba pa ubweya wotchinga kuzizira uja popanda kuupsinja, pakuti ukapsinjika sugwiranso ntchito yake. Ndalama zoyamba za njanji yanga zinathera pa zinthu zimene mlendo sadzaziona n'komwe.

Kakhomo kolowera nako kali ndi lamulo lake. Kanga ndi ka masentimita 56 ndi 72. Thabwa lililonse loposa pamenepo lidzatsala pansi pa makwerero, chifukwa chake matebulo onse ayenera kukhala zidutswa zomangirirana ndi mabauti. M'lifupi mwake sapitirira masentimita 60, popeza mkono wa munthu sufika kutali kuposa apo popanda chigongono kugwetsa mitengo ndi nyumba za patsogolo, ndipo sitima ikafuna kugwa m'njanji imasankha pamene dzanja silifika. Mwayi wanga ngwakuti kakhomoko kali chapakati, motero matebulo adzazungulira m'mbali monse, ine ndi mwana wanga tili pakati.

Tsopano ndinene chimene ndikufuna kumanga, pakuti m'pamene pagona nkhani. Anzanga a kuno amamanga timidzi ta England, tchalitchi cha miyala, nkhosa pa msipu wobiriwira. Ine ndikufuna mtsinje wa Zambezi ndi mlatho wa Dona Ana, umene ulumikiza Sena ndi Mutarara. Malemu bambo anga ankagwira ntchito yokonza njanji ku Moatize, kumene njanji yochokera ku Dona Ana inafika mu 1949, ndipo ndili ndi zaka 8, mu 1980, ananditenga pa ulendo wa ku Beira. Za Beira ndakumbukira zochepa. Chimene sichinachoke m'maso mwanga ndi nthawi imene sitima inalowa pa mlatho, mtunda n'kutha, kutsogolo madzi, kumbuyo madzi, zitsulo zikudutsa pa windo chimodzichimodzi osatha, anthu onse m'bogi ali chete. Ana anga anabadwira kuno. Zambezi amamudziwa pa mapu, ndipo agogo awo aamuna sanawaone.

Mlathowo unatsegulidwa mu 1935. Usanamangidwe, sitima yochokera ku Beira inkathera ku Murraça, ndipo anthu ndi katundu wopita ku Nyasaland ankawoloka pa madzi kukakwera ina ku Chindio. Anaumanga ndi a kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington, omwenso anamanga mlatho wa pa Victoria Falls mu 1905. Darlington si kutali ndi kuno, ndipo ndi mzinda womwewo umene njanji ya Stockton ndi Darlington inatsegulidwa mu 1825. Kampaniyo inatsekedwa mu 2021, koma mlatho wake ukusenzabe malasha a ku Moatize. Kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 3.7, ndipo pakati pake pali zigawo zikuluzikulu 33, chilichonse cha mamita 80, ndi zina 7 zocheperapo.

Tengani pensulo muwerenge nane. Pa muyezo wa HO mlatho umenewo utalika mamita 42. Ngakhale nditasankha muyezo waung'ono wotchedwa N, umene mamita 160 asanduka mita imodzi ndipo mutu wa sitima ungotalika pang'ono kuposa chala, ufunabe mamita 23. Ine ndili ndi mamita 4.8. Kuti ndiumange wonse ndiyenera kuboola makoma a anansi asanu ndi atatu.

Ndipo mamita 4.8 amenewo si onse anga. Sitima sikhota ngati njinga. Mitu yambiri ya sitima yogulitsidwa kuno imafuna pokhota pa masentimita osachepera 44 kuchokera pakati pa bwalo lake, ndipo pothina chotero mabogi amaoneka ngati athyoka m'chiuno. Ndinapatsa pokhota paliponse masentimita 60, uku ndi uku, n'kutsala ndi mamita 3.6 owongoka. Chigawo chimodzi cha mlatho chitalika masentimita 92. Zinayi sizilowa, zasowa masentimita 8 okha, ndipo ndinakhala masabata angapo ndikuwasakasaka masentimita amenewo ngati ndalama yogwera mumchenga. Zitatu zilowa, n'kutsala malo a gombe, mabango ndi bwato limodzi. Zigawo 3 mwa 33.

Usiku wina ndinafuna kungozisiya. Kodi chimenechi chingatchedwe Dona Ana, kapena ndi kamlatho ka pa mtsinje wa kumunda? Koma nditaganizira bwino ndinazindikira kuti mwana wa zaka 8 uja sanawerenge zigawo. Chimene anaona ndi sitima yonse ili pakati pa madzi, mutu sunafike kutsidya, mchira wachoka kale kumtunda. Ngati ndi tero, chofunika si kutalikitsa mlatho, koma kufupikitsa sitima. Zigawo zitatu ndi mamita 2.76. Mutu umodzi ndi mabogi 8 ndi pafupifupi mita ndi theka. Sitima yotero idzalowa yonse pa mlatho, madzi n'kutsala kutsogolo ndi kumbuyo. Tsidya la Sena sindidzalimanga. Njanji idzazimirira kuseri kwa mitengo, ndipo kumbuyo konse ndidzapaka utoto wa madzi ndi thambo kuti diso lisapeze pothera. Sitima zenizeni za malasha zimakoka mabogi ochuluka zedi, koma amene ayesa kutsanzira zimenezo m'chipinda chaching'ono amangopeza mutu wa sitima ukununkhiza mchira wake.

Mkangano wachiwiri unabuka ndi mwana wanga wotsiriza, mnyamata wa zaka 13. Njanji za kwathu ku Mozambique, monganso za ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, zili ndi mpata wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, pamene za kuno ndi za mamilimita 1,435. Tinjanji topezeka m'sitolo iliyonse ndi ta mamilimita 16.5, ndipo pa muyezo wa HO timeneti tikuimira njanji yotakata ya ku Ulaya. Kuti ndilondole choonadi cha njanji ya Sena ndiyenera kugula ta mamilimita 12, timene kampani ya Peco ya ku Devon imapanganso. Ndinali nditatsimikiza kutero. Mnyamatayo anamvetsera zonse, kenaka anakatenga mutu wa sitima wa Hornby umene tinamugulira ali ndi zaka 7, nauika patebulo nati, "Ababa, ndiye kuti wangayu sadzawoloka Zambezi wanuyo?"

Sakanawoloka, pakuti mawilo ake ndi a 16.5. Pamenepo ndinayenera kusankha pakati pa mamilimita anayi ndi theka ndi mwana amene ndikumumangira zonsezi. Chinandithandiza ndi mbiri ya eni dziko omwe. Muyezo umene Angelezi ambiri amagwiritsa ntchito, wotchedwa OO, nawonso suli woona. Sitima zawo zenizeni n'zazing'ono thupi poyerekeza ndi za maiko ena, ndipo cha m'ma 1930 tiinjini ta magetsi tinkavuta kulowa m'kati mwake. Opanga anakuza matupiwo kufika pa muyezo wa 76, njanji n'kuisiya pa 16.5. Mukawerengera, njanjiyo ikuimira mamilimita 1,257 m'malo mwa 1,435. Akhala nacho chilema chimenechi zaka pafupifupi 90, ndipo ambiri a iwo tulo amagona bwinobwino. Alipo ena amene sachilola, amadzipangira okha njanji zolondola, ndipo ntchito yawo ndimaigomera. Koma ine ndasankha 16.5. Njanji ya Angelezi ndi yopapatiza kuposa yeniyeni, yanga idzakhala yotakata kuposa yeniyeni, ndipo sitima yobiriwira ya ku England idzawoloka Zambezi pamodzi ndi ya malasha.

Mdani wina wa malo a pansi pa denga ndi nyengo. M'chisanu kumazizira mpaka mpweya wa m'kamwa kuoneka ngati utsi, ndipo m'chilimwe mapale a padenga amatentha ngati chiwaya. Mu July 2022 kutentha m'dziko muno kunapyola madigiri 40 kwa nthawi yoyamba chiyambire kulemba, ndipo ife a ku Tete tinangoti lero ndiye kwacha ngati kwathu, koma m'mwamba muja simunalowekenso. Chitsulo chikatentha chimatalika. Kanjanji ka mita imodzi, nyengo ikasintha ndi madigiri 40, kamatalika kupitirira theka la milimita. Zikuoneka zochepa, koma zidutswa zisanu zikagundana popanda pothawira, njanji imapindika ngati njoka. Apa sindinafunse buku. Bambo anga anandionetsa ndili mwana mpata umene ankasiya polumikiza zitsulo za njanji, nandiuza kuti chitsulo nacho chimafuna podziwongolera dzuwa likakwera, ndipo kuti kulira kuja kwa mawilo, kudu-kudu, kudu-kudu, ndi mawilo akudumpha mipatayo. Pa pulani yanga ndalemba mpata wolowa kapepala kolimba pa mfundo iliyonse. Matabwa nawo amafufuma ndi chinyezi, n'chifukwa chake ndidzagwiritsa ntchito pulayiwudi wopakidwa vanishi mbali zonse ziwiri.

Funso limene linandisowetsa mtendere koposa silinali la manambala. Mlatho wa Dona Ana wakhala ndi nkhope zingapo. Mu 1986, nkhondo ya pachiweniweni ili pachimake, zigawo zake zina zinagwetsedwera m'madzi, ndipo chaka chomwecho anthu miyandamiyanda a ku Mutarara anathawira ku Nsanje. Ife tinathawira ku Dedza, kudzera kwa amalume ku Angónia. Mtendere utabwera mu 1992, mlathowo unakonzedwa mu 1995 kuti pazidutsa magalimoto, mzere umodzi, mbali ina ikudikira inzake. Mu 2006 unatsekedwa kwa magalimoto, pofika 2009 unabwerera kukhala wa sitima, ndipo mu 2011 malasha a ku Moatize anayambanso kutsikira ku Beira. Nanga ine ndimange uti? Nditawaimbira foni achemwali anga aakulu, amene ali ku Tete, anandiyankha mosazungulira kuti, "Achimwene, mumange wathunthu. Wothyoka tinauona kale, wakwana." Koma mwana wanga wamkazi, amene amakonda mbiri yakale, anati kubisa chilonda ndiko kuwanamiza adzukulu.

Amene anaweruza mlanduwu ndi thanki ya madzi. Nyumba zakale za kuno zili ndi thanki pansi pa denga, ndipo yanga ili kuseri kwa mbali imodzi ya matebulo. Tsiku limene idzadonthe, pulambala adzafuna njira, ndipo sadzasamala za Zambezi. Choncho chidutswa chimodzi cha njanji pa mbali imeneyo chiyenera kukhala chonyamulika. Siteshoni ya Mutarara, yokhala ndi njanji zopatukana ndi mawaya ambirimbiri pansi pake, singanyamulike, motero ndaiika mbali inayo. Koma chigawo cha mlatho chili ndi njanji imodzi yokha ndi mawaya awiri. Chigawo chapakati ndicho chidzakhale chochotseka, chokhazikika pa zipilala zake ndi timapini. Masiku onse mlatho udzakhala wathunthu monga afunira achemwali. Mdzukulu akadzafunsa chifukwa chake agogo ake anakulira mu msasa wa othawa nkhondo, ndidzanyamula chigawocho, sitima idzaima m'mphepete, ndipo ndidzayambira pamenepo kusimba.

Ndikudziwa kuti wina powerenga wafunsa kale za ndalama, ndipo ali ndi ufulu kufunsa. Mutu wa sitima watsopano umapitirira mapaundi 100, ndalama imene kumudzi ndi ya feteleza kapena fizi ya mwana wa mlongo wako. Mayi a kunyumba kwanga anafunsa zomwezo, ndipo sanafunse mwa nthabwala. Tinagwirizana kuti zotumiza kumudzi sizidzachepa ndi khobidi limodzi chifukwa cha njanji, kuti sitima ndidzagula zogwiritsidwapo kale ntchito ku zionetsero zimene magulu a okonda tisitima amachititsa m'maholo a masukulu, ndiponso kuti pansi pa matebulo onse ndi malo a masutikesi awo, ine ndisaikepo kanthu. Sindinena kuti pamenepo funsolo latha. Limabwerabe mwezi uliwonse, makamaka foni ikalira usiku kuchokera kwathu.

Chondipepuza n'chakuti zambiri zimene ndikufuna sizigulitsidwa n'komwe. Palibe sitolo kuno yogulitsa mlatho wa Dona Ana. Ndidzaudula ndekha kuchokera ku timizere ta pulasitiki, kachitsulo kamodzikamodzi. Palibe yogulitsa mlambe. Ndidzapota mawaya a kopa monga tinkachitira ku Moatize, thunthu lonenepa, nthambi zazifupi, n'kumata ndi pulasitala. Tianthu ta masentimita 2 timene amagulitsa tavala majasi ndi zipewa za chisanu, tina tanyamula maambulera. Ndidzatipala ndi mpeni, ndidzatipaka utoto, ndi kuveka amayi nsalu za pepala lopyapyala, madengu ali pamutu, pakuti m'mbali mwa mlatho weniweniwo muli kanjira ka anthu oyenda pansi ndi a njinga, ndipo mlatho wopanda anthu amenewo si wa pa Zambezi. Maso anga a zaka zopitirira 50 ntchito imeneyo aikana, ndiye yagwera mnyamata uja.

Pakali pano pulani yonse ndaijambula pa msinkhu wake weniweni, pa mapepala omata kukhoma amene anatsala pokonza nyumba, ndipo ndayala mapepalawo pa matabwa m'mwamba muja. Taikapo mabogi ndi kuwakankha ndi chala kuti tione ngati adutsa pa chumuni popanda kukhula njerwa. Pamenepo njanji yasunthidwa masentimita 4. Wamagetsi abwera kudzaika nyali ziwiri ndi masoketi. Matebulo ndiwapala m'miyezi yozizira ino, koma njanji sindiyala tsopano, pakuti yoyalidwa m'chisanu imapindika m'chilimwe, ndipo yoyalidwa m'chilimwe imasiya mipata yaikulu m'chisanu. Ndikudikira mwezi wa April.